Kalata kwa akuluakulu a mpira, kuchokera pamchenga wa ku Mangochi

Akuluakulu oyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno, a ku likulu, a m'maligi a m'zigawo, eni matimu, ndi inu olemekezeka aphungu amene mumatiponyera zikho chisankho chikayandikira,

Landirani moni. Kuno tadzuka, kungoti mwera wakwiya sabata yonseyi moti usipa wakwera mtengo pamsika. Ubwino wake anyamata sakupita panyanja, ndiye pabwalo akubwera onse.

Ine ndine kochi. Ndikatero musaganize za munthu wa suti woyima m'mbali mwa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Timu yanga ndi ya m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, ulendo wa kabaza kuchokera pa boma. Magolo athu ndi milimo ya bulugama, ndipo ukonde wa pagolo ndi chilimira chakutha chimene mwini wake anatipatsa atatopa nacho kusoka. Ndaimba wenzulo pabwalo limeneli zaka zoposa 20. Ena mwa anyamata amene ndinayamba nawo lero akunditumizira ana awo.

Chandilembetsa kalatayi ndi kope. Masabata atatu apitawo, mnyamata amene wakhala akundithandiza kuphunzitsa timu anafika pakhomo panga kutada, atavala jekete ya paulendo. Anandipatsa wenzulo ndi kope lachikuto chofiira, amvekere, "Madala, sungani izi. Mawa ndikukwera ya ku Joni." Mnyamata ameneyu anasiya kusewera bondo litamuvuta, ndipo kuyambira pamenepo mutu wake wonse unali pa kuphunzitsa. Ankalipira pakhomo la vidiyo kuti akaonere mpira wa kunja, koma anzake akamakuwa iye amakhala akujambula timizere m'kopemo: uyu waima pati, uyo wathamangira kuti mnzake atatenga mpira. Usiku womwewo ndinalitsegula pa tochi. Tsamba lililonse lili ndi dzina la mwana wa timu yathu. Wina walembedwa kuti phazi lamanzere ndi lokwerera basi chabe. Wina walembedwa kuti osamukalipira pagulu, amafooka. Wina, amabwera osadya, Loweruka azimusungira chinangwa. Kunena zoona mnyamatayu amandiposa ine amene ndinamuphunzitsa.

Ndinayesa kumuletsa. Ndinati dikira pang'ono, mwayi wa maphunziro ubwera, tsiku lina udzakhala pabenchi ya timu ya mu Super League. Anandiyang'ana mwaulemu ndithu, n'kundifunsa kuti, "Madala, inu munayamba ine ndili kumbuyo kwa amayi. Lero muli pati?" Ndinangoti uyende bwino, ukafike ukatiuze.

Funso limenelo ndi limene ndikukupatsirani, chifukwa yankho lake lili m'maofesi mwanu. Kodi munthu amene wayamba kuphunzitsa mpira pamchenga wa ku Malindi, ku Makawa kapena ku Makanjira, njira yake yofikira pabenchi ya Flames imadzera pati?

Njirayo ilipo kwa ena, ndipo tinaiona ndi maso athu. Tengani a Kinnah Phiri. Achikulire amawakumbuka ngati wosewera wa Bullets amene anamwetsa zigoli 71 m'masewero 117 a timu ya dziko, mmodzi wa anyamata a Ted Powell amene anabweretsa chikho cha East and Central Africa Challenge Cup mu 1978, n'kuchitenganso mu 1979. Koma ine chidwi changa chili pa ulendo umene anayenda atavula mabutsi. Anakhalako ku Swaziland, komwe lero akuti Eswatini, ku timu ya Manzini Wanderers. Mu 2004 anatenga Bullets, nthawi imeneyo ikutchedwa Bakili Bullets, n'kugwetsa nayo Orlando Pirates ya ku South Africa mpaka kukalowa m'magulu a CAF Champions League, komwe inakumana ndi zimphona monga Enyimba ndi Etoile du Sahel. Anapita ku Free State Stars ku South Africa. Pofika mu 2008, pamene munawapatsa Flames, anali munthu woti wagonapo m'mabasi, wakanganapo ndi eni matimu a mitundu itatu, waphunzirapo kulankhula ndi wosewera amene sakumva Chichewa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ng'ona imeneyi inali itasambira maiwe okwanira. Sipanathe nthawi, mu June chaka chomwecho, Egypt, imene inali itangotenga chikho cha Africa, inagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto kwenikweni. Mu October 2009 Ivory Coast ya Didier Drogba inachoka pabwalo lomwelo ndi 1-1.

Tsiku la 11 January 2010 ndinali m'nyumba ya vidiyo ku Mpondasi, kuonera Flames ikusewera ndi Algeria pa chikho cha Africa ku Angola. Linali Lolemba masana, kunja kuli chifundi cha mvula, m'kati tathinana ngati utaka m'dengu. Jenereta inkalira kuseri. Mdala wina anali ndi kawayilesi kakhutu, ndipo mawu a pawayilesi ankafika msanga kuposa chithunzi, ndiye Russel Mwafulirwa asanauponye muukonde pa kanema, mdalayo anali atadumpha kale n'kugwetsa benchi yonse. Anthu anafuna kumutulutsa. Pa chigoli cha Elvis Kafoteka tonse tinkayang'ana nkhope ya mdala uja m'malo moyang'ana kanema. Davie Banda atatseka ndi chachitatu, ku Luanda kuli 3-0, Algeria imene inali paulendo wa ku World Cup chaka chomwecho ili mutu pansi, akabaza anaimba mabelu kuchoka pa wotchi ya Queen Victoria mpaka kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi. Tinagonja kwa Angola ndi Mali pambuyo pake, inde, koma masana amenewo palibe anaganiza za mawa.

Akuluakulu, tsiku limene lija silinayambe mu 2008. Linayamba kalekale pamene wina analola Kinnah kuphunzitsa timu, kulakwitsa, kugonja, n'kubwereranso Lolemba pabwalo. Ndipo atafika ku Flames anakhalapo pafupifupi zaka 5, kufikira January 2013. Chichokereni iwo, tawerengani nokha amene akhalapo pampando umenewo: Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, Meck Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi, Kalisto Pasuwa, osawerengera ena ongogwirizira sewero limodzi kapena awiri. Mpando umenewu umatentha kuposa mchenga wa mu October.

Kuno kunyanja tili ndi munthu wotchedwa siginala. Ndiye amakhala m'bwato la nyali usiku, kuyang'ana madzi, kumva kumene usipa wasonkhana, n'kuuza alovi nthawi yoponya chilimira. Palibe sitolo yogulitsa siginala. Amayamba ali kamnyamata kokapa madzi m'boti, kenako kukoka chingwe, kenako kupalasira siginala wamkulu zaka zingapo, akuonera. Ndipo mwini chilimira wanzeru sathamangitsa siginala chifukwa cha usiku umodzi wobwera chimanjamanja, amadziwa kuti mwezi unawala kapena madzi anatembenuka. Amene amasintha siginala sabata iliyonse timamudziwa, chilimira chake chimathera pagolo la timu ya m'mudzi ngati yathuyi.

Sindikudana ndi makochi a kunja, musandimve molakwa. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo a Ted Powell aja anali Mngelezi. Chimene ndikufuna muone ndi mmene alendowa amayendera. Danny McLennan wa ku Scotland, amene anali pabenchi yathu ku Ivory Coast mu 1984 pamene tinapita koyamba ku chikho cha Africa, anaphunzitsa matimu a mayiko ambirimbiri, Mauritius, Iran, Iraq, Jordan, mpaka Fiji. Stephen Constantine atachoka kuno mu 2008 anadzera ku Sudan ndi Rwanda, n'kukatengera India ku Asian Cup ya 2019. Koma amene amandisowetsa tulo ndi Tom Saintfiet wa ku Belgium. Anabwera kuno mu 2013 atadzera kale ku Namibia, ku Ethiopia ndi ku Yanga ya ku Tanzania. Anakhala miyezi yowerengeka, tinagonja 2-0 kwa Nigeria ku Calabar, basi ananyamula chikwama. Anazungulira ku Togo, Bangladesh, Trinidad and Tobago, Malta, osakhalitsa paliponse. Mu 2018 anafika ku Gambia, dziko laling'ono limene linali lisanapondeko ku chikho cha Africa. Kumeneko anamusiya agwire ntchito zaka zoposa 5, ndipo ku Cameroon mu January 2022 Gambia inafika ndime ya matimu 8 paulendo wake woyamba. Munthu ndi yemweyo, mutu ndi womwewo. Chinasintha ndi nthawi imene anapatsidwa.

Onaninso kuti mlendo akachotsedwa kuno, dzina la Malawi limakhala pa pepala lake, ndipo pepalalo limamutsegulira chitseko china. Kochi wathu akachotsedwa amabwerera ku Ndirande kapena ku Area 25 kukadikira foni. Anthu amamuloza m'minibasi. Abale athu ali ku Joni amatiuza za Pitso Mosimane, amene anaphunzitsa SuperSport United zaka zingapo, n'kupatsidwa Bafana Bafana mu 2010, n'kuchotsedwa mu 2012. Chaka chisanathe anali ku Mamelodi Sundowns, mu 2016 anatenga nayo CAF Champions League, kenako anakaitenganso kawiri ndi Al Ahly ya ku Egypt. Kwa anzathu kuchotsedwa ntchito ndi kupunthwa chabe. Kwathu kuno timachita ngati maliro, mpaka kugawana zovala mwini wake ali moyo.

Nkhani ya ulendo wa Flames ku chikho cha Africa cha ku Cameroon chija imandiwawabe, ngakhale inatha bwino. A Meck Mwase ndi amene anatitengera kumeneko, pamene Richard Mbulu anamwetsa chigoli chogonjetsa Uganda 1-0 mu March 2021. Mpikisano utayandikira, utsogoleri wa pabenchi unapita kwa a Marinica a ku Romania. Kenako Covid-19 inawagwira a Marinica, ndipo a Mwase ndi amene anaima m'mbali mwa bwalo ku Bafoussam pamene tinagonja 1-0 kwa Guinea ndi pamene Gabadinho Mhango anamwetsa ziwiri kugwetsa Zimbabwe 2-1. Tinalepherana 0-0 ndi Senegal imene inakatenga chikhocho, tinadutsa m'gulu koyamba m'mbiri yathu, ndipo Morocco inatitulutsa 2-1 pambuyo pa chigoli chija cha Gabadinho chochokera kutali chimene ana a kuno amayeserera mpaka lero, n'kumaponya mpira wanga m'nyanja. Miyezi ingapo pambuyo pake a Mwase sanalinso pampando, ndipo mu 2023 a Marinica nawonso anali atapita. Za amene analakwa sindilowamo, ndinalibe m'chipindamo. Ndikungokuuzani zimene mnyamata wa kope lofiira ananena titamva nkhaniyo pawayilesi. Anati, "Ngati wokafika ku Cameroon akumutero, nanga ine wa pamchenga?"

Tsono taonani a Kalisto Pasuwa. Kwawo ku Zimbabwe anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014. Anatengera timu ya dziko lawo ku chikho cha Africa ku Gabon mu 2017. Anabwera ku Bullets mu 2018, Maule anawasunga, iwo n'kuwabwezera ndi maligi 5 otsatizana mpaka 2023, ndipo kumapeto kwa 2024 anakhala pabenchi ya Flames. Makwerero ake akuoneka bwinobwino, timu ya kwawo, dziko lawo, timu ya kunja, dziko la eni. Ine ndimawaombera m'manja. Koma ndikafunsa kuti ndi kochi uti wa ku Malawi amene lero akuyenda ulendo wotere m'mayiko a eni, monga anachitira a Kinnah amene atachoka ku Flames anakaphunzitsanso ku Botswana ndi ku Mbeya City ya ku Tanzania, zala za dzanja limodzi zimatsala.

Pali china chimene ochemerera ambiri sachidziwa, ndipo nthawi zina ndimakayika ngati ena mwa inu mumachikumbukira pokhala pansi kuweruza kochi. Kuphunzitsa kalabu ndi kuphunzitsa timu ya dziko ndi ntchito ziwiri. Wa kalabu ali ndi anyamata ake Lolemba mpaka Lachisanu, akaona vuto Lamlungu ali ndi sabata yathunthu yolikonza, ndipo akasowa wotchinga kumbuyo amauza bwana kuti agule. Wa dziko amabwerekedwa osewera masiku owerengeka. Wina watsika ndege Lachiwiri kuchokera ku South Africa, wina ku Mozambique, wina ku Tanzania ali ndi bondo lotupa, Lachinayi sewero. Sangagule munthu. Ntchito yake yaikulu ndi kusankha, kuyenda m'mabwalo, kudziwa amene ali bwino mwezi uno, ndi kuuza anyamata zinthu zitatu zokha zimene angazigwire m'masiku awiri. Mudzaseka, koma pa ichi ine ndimafanana ndi kochi wa Flames kuposa wa Wanderers kapena Silver Strikers. Osewera anga ndimachita kubwereka kwa nyanja. Mwezi ukakhala mumdima onse ali ku chilimira usiku wonse, masana amabwera maso ali psuu, kuthamanga ngati avala matumba a mchenga. Mwezi ukawala, kapena mwera ukaomba ngati sabata ino, ndiye kampu yanga imeneyo. Ndondomeko yanga ya zokonzekera ndimalemba poyang'ana kumwamba. Ikafika Ramadan theka la timu limasala, ndiye timayamba dzuwa litapepa, timathamanga pang'ono, n'kumaliza nthawi yomasula isanakwane. Zimenezi palibe buku la ku Ulaya limene linandiphunzitsa, ndipo munthu amene wazidziwa ali ndi kanthu kamene mpira wa dziko lino ungagwiritse ntchito.

Koma makwerero athu alibe mapondero a m'munsi. Ziphaso za ukochi zimayambira pa D, kukwera C, B, A mpaka Pro, ndipo n'zoona kuti munthu asakhale pabenchi ya timu yaikulu wopanda pepala, ine sinditsutsa. Vuto ndi mtunda umene uli pakati pa pepalalo ndi munthu wa kuno. Ine ndinapitako kamodzi ku maphunziro a m'munsi, ku Blantyre, makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi Zomba. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Ndinkagona pamkeka kwa mlamu wanga ku Bangwe. Zonse zinali m'Chingelezi, ndipo mnzanga amene ndinakhala naye desiki imodzi, munthu woti akaona timu ikusewera mphindi 10 amakuuza pamene pali chibowo, analephera mayeso olemba chifukwa sukulu analekera Sitandade 7. Pabwalo anatiposa tonse. Lero amagulitsa makala. Tsono ngati zinali zolemera chotero kwa ine wa pafupi ndi boma, ganizirani wa ku Makanjira amene kungofika pa boma pokha ndi ulendo wa tsiku, nyengo ya mvula osanena.

Chimene ndikupempha si chachilendo. Aphunzitsi a makochi atsike, abwere pa Mangochi Stadium kamodzi pachaka, chaka china akafike ku Monkey Bay kapena ku Namwera. Kutumiza anthu awiri kuno n'kotsika mtengo kuposa kukweza anthu 30 basi ya ku Blantyre. Gawo loyamba liphunzitsidwe m'Chichewa, ndipo pakhale womasulira m'Chiyao, pakuti wosewera wanga sindimuuza m'Chingelezi kuti abwerere kumbuyo. Mayeso a gawo limenelo akhale a pabwalo, munthu apatsidwe ana 14 ndi mipira iwiri, muone chimene achite nawo. Poika masiku funsani ife eni dera, musaike Lachisanu masana, musaike mkati mwa Ramadan. Ndipo muitane amayi. Scorchers, timu ya dziko ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, atsikana a kuno onse akufuna kukhala Temwa kapena Tabitha Chawinga, koma makolo ambiri salola mwana wamkazi kupita kubwalo kumene wophunzitsa ndi bambo. Mphunzitsi wamkazi mmodzi wa pa pulayimale atapatsidwa chiphaso ndi mipira, timu ya atsikana yabadwa sabata yomweyo.

Pepala likapezeka, pakhalenso pokaligwiritsa ntchito. Matimu a mu Super League amakonda kubwera kuno kunyanja kudzakonzekera ligi isanayambe. Amagona m'mahotela a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, amathamanga pamchenga m'mawa, ife timaonera kunja kwa mpanda ngati ana oonera ukwati. Kodi chingavute n'chiyani kulamula kuti timu iliyonse yobwera kuno itenge makochi awiri a m'boma lino, azinyamula makoni ndi madzi, akhale nawo pa zokambirana, aone mmene sabata ya akatswiri imakonzedwera? Siginala amaphunzira m'bwato. Ndipo amene waonetsa mutu, mumutumize chaka chimodzi ku timu ya achisodzera ya kalabu yaikulu, kenako ligi ya chigawo, kenako wachiwiri kwa kochi wa mu Super League. Amene afika pamwamba muwathandize kutuluka, ku Zambia, ku Tanzania, ku Botswana, ku Mozambique kumene ife a kuno timangodutsa pa Chiponde. Muli ndi anzanu m'mabungwe a mayiko amenewo, mumadya nawo m'misonkhano. Kalata imodzi yochokera kwa inu ikhoza kuchita zimene mnyamata wa kuno sangazichite ndi foni yake zaka 10.

Kwa inu eni matimu, mawu anga ndi ochepa koma owawa. Chaka china bwana wina wa malonda ananditenga kuti ndikaphunzitse timu yake imene inkasewera ligi yokwererapo. Tinapangana pakamwa, pa khonde la sitolo yake, tikumwa zoziziritsa kukhosi. Miyezi iwiri yoyamba anandilipira. Wachitatu anati katundu wagwidwa pa malire. Tsiku lina tisanayambe sewero anandipatsa kapepala ka mayina 11, mwana wa mlongo wake ali kutsogolo, mnyamata woti akathamanga mphindi 20 amagwira m'chiuno. Ndinakana. Tinagonja 1-0, chigoli cha penate. M'mawa mwake ndinamva kwa wakabaza amene anandinyamula kuti timu ili ndi kochi watsopano. Ndalama za miyezi inayi zinapita, ndipo ndinalibe pokadandaula popeza panalibe cholembedwa. Akuluakulu a ligi, musalembetse timu imene sinaonetse pangano lolemba la kochi wake, ngakhale la tsamba limodzi, lonena malipiro, nthawi, ndi chimene chichitike akafuna kusiyana. Timu imene ili ndi ngongole ya kochi wakale isaloledwe kulemba watsopano. Ndipo inu a ku likulu, popangana ndi kochi wa Flames, lembani poyera chimene mukufuna kwa iye ndi zaka zimene mwamupatsa, kuti masapota akayamba kukuwa pa Facebook pambuyo pa kugonja kuwiri, mukhale ndi choti muwaonetse, inunso chikugwireni dzanja.

Olemekezeka aphungu, zikho zanu timazilandira ndi manja awiri, ndipo tsiku la fainolo kumakhala fumbi lokhalokha. Koma ndalama ya mphotho imatha usiku womwewo, timagawana, wina amagula sopo, wina mayunitsi. Jezi zimene munatipatsa zili ndi nkhope yanu kumsana, ndipo zinasuluka nkhope isanafafanike. Pa ndalama ya chikho chimodzi, patulani yophunzitsira makochi 5 a m'dera lanu. Amenewo adzakhalapobe chisankho chitadutsa, kaya mwapambana kaya mwagwa.

Mwina mudzati boma la Mangochi si la mpira, ndi la nsomba ndi alendo odzaona nyanja. Bwerani Loweruka lililonse madzulo mudzayende kuchoka ku Chimwala mpaka ku Chembe, mudzawerenge mabwalo amene pali fumbi. Timu ya dziko ya mpira wa pamchenga inakafika ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo, Mozambique, mu 2022, ndipo mchenga umenewo ndi umene ana athu amabadwirapo. Osewera alipo, ndipo mumawatenga akakula. Amene anawaphunzitsa kuimitsa mpira pachifuwa amatsala konkuno, dzina lake osalembedwa paliponse.

Ine zanga zinapita. Maondo akulira, maso ayamba kuona mipira iwiri dzuwa likamalowa, ndipo benchi ya Flames ndidzaionera m'nyumba ya vidiyo mpaka tsiku langa. Mnyamata uja anaimba foni Lamlungu. Wafika bwino, wapeza ganyu yotsuka magalimoto ku Mayfair, akugona anthu 6 chipinda chimodzi. Tisanamalize anandifunsa ngati goloboyi wathu wasiya kutuluka mwachisawawa pa kona, n'kundiuza kuti nditsegule tsamba lachitatu kuchokera kumapeto, analembapo masewera omukonzera. Ndinatsegula, analembadi, ndi chithunzi chomwe. Tayamba kuwachita Lachiwiri.

Kopelo lili m'thumba la pulasitiki pansi pa matiresi, kuopa chiswe. Ndinamuuza kuti ndakulemberani, ndipo anati mukayankha ndimutumizire pa WhatsApp. Mukafuna kudzaliona, tsikirani pa boma, mufunse akabaza bwalo la golo la chilimira. Timayamba 3 koloko, mwezi ukalola.

Ine wanu pa mpira,

Kochi wa timu ya m'mudzi,
Mangochi